Ku California, m'malo amene Earl Warren anapondamo

Lolemba, Oakland

Nyumba ya khothi ya Alameda County ili m'mphepete mwa kanyanja ka Lake Merritt, yoyera mbee, ndi nsanja pakati. Tafika m'mawa ena akuthamanga mozungulira madzi, pomwe pakhomo pa khothi panali mzere wa anthu amene ndimawadziwa ngakhale sindinawaonepo: mayi wakumbatira envulopu ya mapepala, mnyamata wavala jekete yomukulira, loya foni ili kukhutu maso ali pa wotchi. Earl Warren anali mkulu wozenga milandu m'boma lino kuyambira 1925 mpaka kumayambiriro kwa 1939, ndipo zaka zake zomaliza pa udindowo anagwirira m'nyumba imeneyi.

Mwana wa mlongo wanga, amene ndi namwino kuno ndipo watenga tchuthi kuti aziniyendetsa, anandifunsa tikutsika galimoto. "Amalume, alendo anzanu amafuna Golden Gate, inu mukufuna khothi?" Ndinamuuza kuti ndakhala paralegal, wothandiza anthu pa nkhani za malamulo, zaka zambiri, ndikuyenda m'zitokosi za apolisi ndi m'ndende kuwauza anthu zimene ndime 42 ya malamulo athu aakulu a Malawi imanena: kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake, ali ndi ufulu wokhala chete, ufulu wopeza loya, ndi kukaonekera kubwalo pasanathe maola 48. Kuno ku America chenjezo limene wapolisi amayenera kupereka asanayambe kufunsa munthu womangidwa linachokera m'chigamulo cha Miranda v. Arizona cha 1966, ndipo anachilemba ndi Warren ali mkulu wa majaji a dziko lonse. Munthu yemweyo, zaka 24 m'mbuyo mwake, anathandiza kutsekera anthu a mtundu wa Chijapani pafupifupi 120,000 popanda mlandu. Ndabwera kuti ndione malo amene zonse ziwirizi zinakulira.

Ku Oakland ankadziwika kuti ndi wouma mtima pa zigawenga ndiponso wosalandira chiphuphu. Anazenga mlandu wa katangale ngakhale mkulu wa apolisi a boma lomweli. Koma ofesi yake inkadziwanso njira zofinyira munthu. Pa mlandu wa 1936 wa kuphedwa kwa injiniya wa sitima ya Point Lobos, mmodzi wa oimbidwa mlandu, Frank Conner, anavomera atapanikizidwa ndi mafunso kwa maola ambiri popanda loya. Choncho pamene Warren ankalemba za zimene zimachitika m'kachipinda kofunsira anthu, sankalemba zongomva.

Madzulo tinakwera ku Berkeley, kumene anamaliza maphunziro a zamalamulo mu 1914. Tangozungulira pang'ono, tadya, tabwerera.

Lachiwiri, San Francisco ndi San Bruno

Lero mtima wandilemera.

Japan inaphulitsa Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941. Nthawi imeneyo Warren anali mlangizi wamkulu wa zamalamulo wa California, ndiye kuti apolisi ndi ozenga milandu a m'maboma onse ankamvera mawu ake. Pa 19 Febuluwale 1942 Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo nambala 9066, lopatsa asilikali mphamvu yochotsa aliyense m'madera amene iwo asankha. Patangopita masiku awiri, pa 21 Febuluwale, Warren anaima pamaso pa komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi John Tolan muno mu San Francisco. Anabwera ndi mapu. Anali atauza ozenga milandu a m'maboma kuti aonetse minda ndi malo onse a anthu ochokera ku Japan, ndipo mapuwo anaonetsa kuti ambiri ali pafupi ndi njanji, mizere ya magetsi, mabwalo a ndege ndi gombe. Chifukwa chake sichinali chovuta kuchipeza: alimi amenewa ankapatsidwa malo otsala, amene azungu sankawafuna, ndipo malo ena anayamba kuwalima mabwalo a ndegewo asanamangidwe n'komwe. Iye anasankha kuona chiwembu.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mfundo yake ina. Panalibe mlandu ngakhale umodzi wa kuwononga zinthu za boma umene munthu wa mtundu wa Chijapani anapezeka nawo. Warren anati kusowa kwa umboniko ndiye chizindikiro choopsa koposa, chifukwa kukusonyeza kuti akudikira tsiku lawo. Ananenanso kuti Ajeremani ndi Ataliyana angathe kuyesedwa mmodzimmodzi ngati ali okhulupirika, koma Ajapani ayi. Ine maganizo otere ndakumana nawo kumidzi, pamene agogo anenezedwa za ufiti: akakana ndiye kuti akubisa, akakhala chete ndiye kuti avomera. Apa amene ankalankhula anali loya wamkulu wa boma, munthu wodziwa bwino lomwe kuti mlandu umayenda ndi umboni.

Tinakwera sitima ya BART kupita ku San Bruno. Pafupi ndi siteshoni panali bwalo la mpikisano wa akavalo lotchedwa Tanforan, ndipo pambuyo pake anadzamangapo masitolo. Kuyambira Epulo mpaka Okutobala 1942 anthu pafupifupi 8,000 a m'dera lino anasungidwa pamenepa, ambiri m'makola a akavalo opakidwa laimu mothamanga, asanawatumize ku msasa wa Topaz ku Utah. Panja pa siteshoni pali chosema cha atsikana awiri aang'ono, chotengera chithunzi chimene Dorothea Lange anajambula chaka chimenecho. Avala makhoti abwino, ngati akupita kutchalitchi, ndipo pa khoti la aliyense pakulendewera kapepala ka nambala ya banja. Munthu ankaloledwa kunyamula zokhazo zimene manja ake angathe. Mwa onse amene anatsekeredwa, awiri mwa atatu alionse anali nzika za America zobadwira konkuno.

Fred Korematsu, wowotcherera zitsulo wa ku Oakland amene anakana kupita, anagwidwa ku San Leandro pa 30 Meyi 1942 ndipo naye anadzera pano.

Lachitatu, Richmond

Tsiku lalifupi. Tinaima ku Richmond kuona malo okumbukira ntchito za anthu wamba pa nthawi ya nkhondo. Mafakitale a Henry Kaiser pano anapanga sitima zapamadzi 747. Tawuni imene inali ndi anthu pafupifupi 24,000 inadzaza mpaka kufika cha m'ma 100,000, akuda ndi azungu ochokera kum'mwera kwa dziko, amayi atavala zipewa zachitsulo, ena akugona mosinthana pa bedi limodzi malinga ndi shifiti. California yonse inali ndi anthu 6.9 miliyoni mu 1940, ndipo pofika 1950 anali 10.6 miliyoni. Ili ndi dera limene Warren analandira atagonjetsa bwanamkubwa Culbert Olson pa chisankho cha Novembala 1942 n'kukhala bwanamkubwa mu Januwale 1943.

Tafika ku Sacramento kukuda.

Lachinayi, Sacramento

Nyumba yakale ya abwanamkubwa, pa mphambano ya misewu ya 16th ndi H, ndi yamatabwa, yoyera, yazokongoletsa zambiri, yomangidwa mu 1877. Tinaionera kunja kwa mpanda. Warren anakhalamo zaka khumi ndi mkazi wake Nina ndi ana awo. Pa tsiku lenileni la chisankho cha 1950, mwana wawo wamkazi wotsiriza anagwidwa ndi poliyo, ndipo bambo wake anathera tsikulo kuchipatala mavoti akuwerengedwa.

Kunena zoona, pa ntchito ya ubwanamkubwa munthuyu ndimamuvulira chipewa. Ndalama za msonkho zinkalowa zambiri chifukwa cha mafakitale a nkhondo, ndipo iye anasunga gawo lake podziwa kuti nkhondo ikatha asilikali adzabwerera kudzafuna ntchito, nyumba ndi sukulu. Anakonza kayendetsedwe ka ndende mu 1944. Mu 1945 anapempha nyumba ya malamulo kuti ikhazikitse inshuwalansi ya zaumoyo ya antchito ndi mabanja awo, koma bungwe la madokotala linalimbana naye mpaka biluyo inagwa. Mu 1947 anakankha lamulo lokweza msonkho wa mafuta kuti amangire misewu ikuluikulu, makampani a mafuta akukana. Anthu ankamukonda moti mu 1946 anapambana mapulaimale a zipani zonse ziwiri, cha Republican chake ndi cha Democratic. Ndi iye yekha amene anasankhidwa katatu motsatizana pa mpando umenewu.

Koma zaka ziwiri zoyambirira za ulamuliro wake, nzika zake zikwizikwi zinali kuseri kwa waya waminga, ndipo mu 1943 anauza abwanamkubwa anzake pa msonkhano kuti sakufuna anthuwo abwerere ku California nkhondo ili mkati. Muno mu Sacramento munali mtsikana wina, Mitsuye Endo, kalaliki wa boma amene anachotsedwa ntchito mu 1942 chifukwa cha mtundu wake basi. Mchimwene wake anali msilikali wa America. Endo atatsekeredwa anasumira boma, ndipo linamuuza kuti angathe kutuluka mu msasa ngati sabwerera ku gombe lino, koma anakana kuti mlandu wake usafe. Pa 18 Disembala 1944 bwalo lalikulu la dziko lonse linagamula kuti boma silingasunge nzika imene lavomereza lokha kuti ndi yokhulupirika. Tsiku lomwelo linakana apilo ya Korematsu, majaji asanu ndi mmodzi kwa atatu. Asilikali atalengeza kuti anthu angathe kubwerera, Warren anapempha anthu a California kuti alemekeze chigamulocho ndipo analamula apolisi kuteteza obwererawo. Anachita bwino pamenepo. Ambiri anapeza minda ili m'manja mwa ena ndi katundu atabedwa.

M'nyumba ya malamulo tinalowa m'chipinda cha Senate, chofiira, chamipando 40. Mu nthawi ya Warren, boma la Los Angeles ndi anthu ake mamiliyoni linali ndi seneta mmodzi yekha, chimodzimodzi ndi madera a kumapiri a anthu ochepa, ndipo mu 1948 iye anateteza dongosolo limeneli. Mu 1964, pa mlandu wa Reynolds v. Sims, analemba yekha chigamulo choti madera a zisankho azikhala ndi anthu ofanana kuchuluka kwake, zimene zinagwetsa dongosolo lomwe ankaliteteza lija. M'nyumba yomweyi, mu Juni 1947, anasaina lamulo lothetsa ndime zololeza sukulu zapadera za ana a Amwenye a ku America, Atchaina ndi Ajapani, makolo ochokera ku Mexico atapambana mlandu wa Mendez v. Westminster. Munthuyu ankatha kusintha maganizo, ndipo akasintha ankasintha ndi thupi lonse.

Mkulu wa majaji Fred Vinson atamwalira mu Seputembala 1953, Pulezidenti Eisenhower anasankha Warren kukhala mkulu wa majaji, ngakhale anali asanakhalepo jaji pa bwalo lililonse. Anapeza mlandu wa Brown v. Board of Education uli patebulo, majaji atagawanika. Luso limene anagwiritsa ntchito analiphunzira m'makonde ano: kuyendera munthu mmodzimmodzi, kudya naye, kusathamangira voti. Jaji Stanley Reed ndiye anali womaliza kugonja. Pa 17 Meyi 1954 majaji onse asanu ndi anayi anagamula kuti kupatula ana m'sukulu potengera khungu n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko. Jaji Robert Jackson anachoka kuchipatala kuti adzakhale pa mpando wake tsiku limenelo. Warren analemba chigamulocho mwachidule ndi mawu osavuta, kuti nyuzi zichisindikize chonse munthu wamba awerenge yekha.

Lachisanu, Bakersfield

Msewu wa 99 ndi wautali, wowongoka, minda ya mphesa ndi ya almond mbali zonse mpaka maso kutopa. Kuyandikira Bakersfield kumayamba kuoneka mapampu a mafuta akuweramuka n'kuweramanso.

Warren anabadwira ku Los Angeles pa 19 Malichi 1891, koma anakulira kuno, kum'mawa kwa tawuni, pafupi ndi njanji. Bambo ake, Methias, anachokera ku Norway, mayi ake ku Sweden. Bamboyo ankakonza mabogi a sitima ku kampani ya Southern Pacific, ndipo anataya ntchito ku Los Angeles chifukwa cholowa nawo sitalaka ya 1894, n'chifukwa chake banja linasamukira kuno. Earl ali mnyamata ankagwira ganyu yodzutsa oyendetsa sitima nthawi yawo ikakwana, kuwasaka m'nyumba zogona, m'mabala ndi m'malo a juga. Anaona anthu akuduka manja ndi miyendo pantchito, kampani n'kungowataya. Siteshoni yakale ya pa Baker Street ikadalipo, yotsekedwa, utoto ukusupuka. Tinaima pamenepo sitima ya katundu ikudutsa, mabogi osatha, nthaka ikunjenjemera kumapazi.

Mu Meyi 1938 bambo ake, ali okalamba ndipo akukhala okha, anapezeka ataphedwa m'nyumba mwawo, atamenyedwa ndi chitsulo kumutu. Wakuphayo sanapezeke mpaka lero. Ndimaikumbukira nkhani imeneyi ndikamawerenga mmene anthu anamutukwanira pambuyo pa Miranda, kuti sadziwa ululu wa oferedwa, ndipo zikwangwani zofuna kuti achotsedwe pa mpando zinali kale mbwee m'misewu ya dziko lino. Ankaudziwa ululuwo. Analembabe kuti munthu asafunsidwe m'chitokosi asanauzidwe kuti angathe kukhala chete ndi kuti boma limupezera loya ngati alibe ndalama. Chigamulocho chinadutsa movutikira, majaji asanu kwa anayi.

Tinadya pa lesitilanti ina ya anthu ochokera ku dera la Basque, amene makolo awo anabwera kudzaweta nkhosa. Amakhazika alendo pa tebulo limodzi lalitali, supu, nyemba ndi lilime la ng'ombe n'kumapatsirana mbale.

Loweruka, Manzanar

Tinanyamuka mbandakucha, kukwera mapiri a Tehachapi, kutsikira m'chipululu cha Mojave, kenaka kulunjika kumpoto pa msewu wa 395. Manzanar ili m'chigwa cha Owens, pakati pa Lone Pine ndi Independence. Kumadzulo kuli khoma la mapiri a Sierra Nevada, Mount Williamson ili pamwamba penipeni. Chigwachi chinauma kuyambira pamene Los Angeles inapatutsa madzi ake kudzera mu ngalande yotsegulidwa mu 1913. Nditangotsegula chitseko cha galimoto mphepo inandithira mchenga m'maso ndi m'kamwa.

Unali umodzi mwa misasa khumi. Unatsegulidwa mu Malichi 1942, unatsekedwa mu Novembala 1945, ndipo pa nthawi ina munali anthu opitirira 10,000, m'mabuloko 36, nsanja za alonda zisanu ndi zitatu zitazungulira. Holo ya sukulu imene omangidwawo anamanga okha ndiyo yasanduka malo olandirira alendo, ndipo mkati mwake muli chinsalu chachikulu cha mayina a onse amene anakhala muno. Mphwanga anayamba kuwerenga, anasiyira panjira.

Ku buloko 14 amanganso nyumba zingapo monga zinalili. Nyumba imodzi inkagawidwa zipinda zinayi, chipinda chilichonse cha mamita pafupifupi 6 kwa 7 ndi theka, mokhala anthu mpaka asanu ndi atatu, nthawi zina mabanja awiri osadziwana. Mabedi achitsulo, matiresi a thumba lodzazidwa udzu, babu limodzi, mbaula ya mafuta. Matabwa a pansi anali aawisi, atauma anasiya mipata, fumbi n'kumalowera mmenemo usiku wonse. Koma chimene chinandiimitsa ndi chimbudzi cha amayi. Mipando ili pamzere, moyandikana, popanda chotchinga chilichonse pakati. Agogo, mpongozi ndi mdzukulu pamalo amodzi. Amayi ena ankadikira pakati pa usiku, ena ankanyamula katoni yodzitchingira. Ndalowa m'zitokosi zambiri, ndipo ndikudziwa kuti chimene munthu amakumbukira akatuluka si njala kwenikweni koma manyazi amene anamudyetsa.

Panalinso nyumba ya ana amasiye. Ana 101 anadutsamo, ena anachotsedwa m'nyumba zosungira amasiye za ku Los Angeles ndi San Francisco, ena kwa makolo owalera. Ndinayesa kuganiza kuti pa mapu a Warren aja mwana wa miyezi isanu ndi umodzi akanaikidwa pati.

Anthuwa sanangokhala manja lende. Anakumba maiwe, anasanja miyala, anapanga minda yamaluwa pakati pa nyumba zokutidwa ndi pepala lakuda la phula, ndipo ina yafukulidwa mumchenga moti simenti ya m'mphepete ikuoneka. Analima ndiwo, anatsegula sukulu, anali ndi nyuzi yawo. Mu Disembala 1942 kunabuka chipolowe, asilikali anawombera, anyamata awiri anafa. Kumapeto kwa msasa kuli manda ndi chipilala choyera chimene mmisiri wa miyala Ryozo Kado anamanga mu 1943 ndi ndalama zosonkha mabanja. Anthu pafupifupi 150 anamwalirira muno. Pa mpanda alendo amangirira tizingwe ta mbalame zopinda ndi mapepala, zina zatuwa ndi dzuwa.

Lamulungu, Lone Pine

Usiku tinatsutsana mpaka mochedwa. Mphwanga akuti, "Amalume, munthu uja analapa ndi ntchito zake. Brown, Miranda, mlandu wa Loving wa 1967 wololeza ukwati wa anthu osiyana khungu, zonsezo si kupepesa kumeneko?" Iye mkazi wake ndi mzungu, ndiye nkhani ya Loving imamukhudza pamtima, ndipo sindikumutsutsa kuti zigamulozo zinasintha miyoyo ya anthu mamiliyoni.

Koma ine ndikuti ngongole imabwezedwa kwa mwini wake. Ana akuda a ku Topeka, kumene kunachokera mlandu wa Brown, analandira chilungamo chawo, ndipo anayenera kuchilandira. Amayi a ku buloko 14 sanalandire kanthu kuchokera kwa iye. Warren anapuma ntchito mu 1969 ndipo anamwalira pa 9 Julayi 1974. M'zaka zimenezo anthu amene anakhalapo m'misasa, makamaka Edison Uno wa ku San Francisco, anamupempha mobwerezabwereza kuti avomereze pagulu kuti analakwa. Mawu omveka anadzatuluka mu 1977, m'buku la mbiri ya moyo wake, mwini wake ali m'manda ku Arlington. Mmenemo anavomera kuti anamva chisoni kwambiri ndi lamulo lochotsa anthu lija ndi umboni umene iye anapereka, ndi kuti chikumbumtima chinkamuvutitsa akaganiza za ana amene anazulidwa m'nyumba ndi m'sukulu zawo. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Anali ndi zaka zoposa 30 zoti akaime pamaso pa anthuwo n'kunena ndi pakamwa pake, ndipo munthu amene analimba mtima kuyang'anizana ndi dera lonse la kum'mwera pa nkhani ya sukulu sakanalephera kutero.

Zotsalazo anazimenyera okha eni ake. Mu 1983 bwalo la ku San Francisco linafafaniza mlandu wa Korematsu zitadziwika kuti maloya a boma anabisa malipoti osonyeza kuti panalibe chiopsezo. Mu 1988 Pulezidenti Reagan anasaina lamulo lopepesa ndi kupereka madola 20,000 kwa aliyense amene anali akadali moyo. Macheke oyamba anatuluka mu Okutobala 1990, kuyambira ndi okalamba kwambiri, ndipo onse amene analandira anali pafupifupi 82,000. Enawo anali atapita. Bwalo lalikulu lenilenilo linadzanena mu 2018 kuti chigamulo cha Korematsu chinali cholakwika kuyambira tsiku limene chinaperekedwa.

Mphwanga sanagonje, ndipo wati tipitiriza m'galimoto. Tikudikira kumva ngati msewu wa Tioga Pass uli wotsegula, chifukwa kumapiri kwagwa chipale usiku. Ngati watsekedwa tizungulira njira ya Bakersfield yomwe tinadzera.